Khansa Yovala Chipewa cha Asilikali a M'thupi

Ndikhulupirira kuti palibe mwa ife, owerenga anzanga, amene sadamvepo mawu akuti CD4. Ngakhale makolo athu kumudzi amene sadapite patali ndi sukulu amawatchula bwinobwino mawuwa: "CD4 yanga yakwera," kapena "akuti CD4 yatsika." Onse amadziwa kuti nkhani yake ndi ya asilikali a m'thupi, ndipo kuti ikatsika munthu amadwaladwala. Koma nditafunsa anyamata a Folomu 4 m'kalasi la sayansi ya zamoyo kuti kodi CD4 yeniyeniyo n'chiyani, onse adayankha kuti ndi selo. Yankholi lidaphonya pang'ono. CD4 si selo ayi. Ndi kapuloteni kamene kamakhala pa khungu la mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi, ndipo achipatala akamawerenga CD4 amakhala akuwerenga maselo amene anyamula kapuloteniko, monga momwe munthu angawerengere asilikali poona zipewa zawo.

Tsiku lomwelo mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene azakhali ake adamwalira ndi khansa ya m'mawere, adakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, ngati thupi lili ndi asilikali, nanga bwanji sathana ndi khansa monga amathanirana ndi chimfine?" Belu lidalira ndisadamuyankhe mokwanira. Tsono nkhani inoyi ndi ngongole imene ndikubweza kwa iye. Gawo lalikulu la yankho lake lili pa zipewa zomwezi: maselo ambiri a khansa amavala zipewa zimene asilikali a m'thupi amavala.

Makutu ndi mphuno za selo

Selo lililonse la m'thupi mwathu lidakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri kopangidwa ndi mafuta. Kakhunguka sikosalala ngati chigoba cha dzira. Tikadakhala ndi maso otha kukaona, tikadapeza kuti padamera mapuloteni zikwizikwi, ena aatali ena aafupi, mitu ili kunja, mizu ili m'kati mwa selo. Ambiri mwa iwo ndi amene pa Chingerezi amati receptor. M'nkhani ino ndiziwatcha zolandirira, poti ntchito yawo ndi kulandira uthenga. Pajatu selo lilibe maso, lilibe makutu, lilibe mphuno. Zonse zimene limadziwa za kunja limazidziwa kudzera m'zolandirirazi. Cholandirira chili ngati loko amene amatseguka ndi kiyi wake yekha. Kanthu koyenerana nacho kakafika n'kugwirana nacho, mizu ya m'kati ija imasintha kakhalidwe, ndipo selo limamva lamulo: gawikana, yenda chakuno, leka nkhondo, mwinanso ifa.

Asayansi a m'maiko osiyanasiyana ankapeza mapuloteniwa aliyense kwa yekha, aliyense n'kupereka dzina lake, mpaka puloteni imodzi kukhala ndi mayina ambirimbiri. Kuti chisokonezo chithe, m'chaka cha 1982 adakumana ku Paris n'kugwirizana zoti aziwapatsa manambala otsogozedwa ndi zilembo ziwiri, CD. Lero manambalawa adapitirira 350. Ena, ngakhale ali ndi nambala yawo, amadziwika kwambiri ndi mayina ena, monga CXCR4 ndi PD-1 amene tikumane nawo kutsogoloku.

Asilikali a m'thupi onse amabadwira m'mafuta a m'mafupa, koma ali m'magulu. Pa nkhani yathuyi tisunge atatu. Pali maselo a T, amene ena mwa iwo amavala CD4 ndipo amatsogolera nkhondo, ena amavala CD8 ndipo ndiwo amapha maselo odwala. Pali maselo a B, amene amapanga zida zotchedwa maantibodi zimene zimamatirira pa tizirombo. Awa amavala CD19, CD20 ndi CD21. Ndiye pali maselo akuluakulu otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza tizirombo ndi maselo otha ntchito. Amenewa ndiziwatcha maselo odya.

Khansa imapezeka ndi zipewa za magulu amenewa m'njira ziwiri. Njira yoyamba, msilikali mwiniwakeyo ndiye amasanduka khansa. Njira yachiwiri, khansa yoyambira ku chiwalo china imadzipangira chipewa chimene sichidali chake.

Msilikali wosanduka khansa

Ndili mwana, kwathu m'mbali mwa nyanja, padali kamnyamata ka zaka pafupifupi 6 kamene kadayamba kutupa tsaya. Poyamba anthu adati ndi dzino. Patangopita masabata ochepa nsagwada yonse idatupa, mano adayamba kugwedera, diso lidatuluka, ndipo nkhani m'mudzi idasintha: adayamba kulozana zala kuti mwanayo wachita kulodzedwa. Pamene makolo ake adaganiza zopita naye kuchipatala n'kuti madzi atafika kale m'khosi, ndipo sadabwerere naye wamoyo. Ndidadziwa dzina la nthendayo patapita zaka zambiri. Zizindikiro zonsezo ndi za khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zimene zimagwira ana kawirikawiri kuno ku Malawi ndi m'maiko oyandikana nafe.

Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Iye adaona ana otupa nsagwada chotere m'chaka cha 1957, ndipo adalemba za nthendayi mu 1958. Mu 1961 adanyamuka ndi madokotala anzake awiri pa galimoto yakale, nayenda makilomita pafupifupi 16,000 kuyendera zipatala zoposa 50 za kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, kufunsa ngati adaonapo ana otere. Dziko lathu, limene nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, lidali pa ulendo umenewu. Adapeza kuti nthendayi imakonda malo otsika, otentha ndi a chinyezi, monga kunyanja ndi m'zigwa, ndipo imasowa kumapiri kozizira. Pambuyo pake zidadziwika kuti malo amenewa ndi omwewonso amene malungo amavuta chaka chonse.

Chaka chomwecho cha 1961 Burkitt adakalankhula ku London, ndipo mwa omvera mudali Anthony Epstein, amene adapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapeza kachirombo katsopano m'maselo a zotupazi, kamene lero timati Epstein-Barr. Kachiromboka kamafala kudzera m'malovu, ndipo anthu akuluakulu oposa 90 mwa 100 alionse pa dziko lapansi ali nako, ambiri osadziwa n'komwe. Kuno kwathu ana amakatenga akadali aang'ono kwambiri.

Nanga kamalowa bwanji m'selo? Apa ndi pamene cholandirira chikubwera. Thupi likapeza kachirombo koyambitsa matenda limakamata timapuloteni tina ta m'magazi ngati chizindikiro chakuti uyu ndi mdani. Ntchito ya CD21 pa selo la B ndi kugwira timapuloteni timeneti, kuti selolo lidzuke msanga n'kuyamba kupanga maantibodi. Koma kachirombo ka Epstein-Barr kali ndi puloteni pa chikopa chake imene imakwanira ndendende pa CD21. Kali ndi kiyi wa pakhomo la msilikali. Kakalowa kamakhazikika m'menemo moyo wonse wa munthuyo, ndipo maselo a T ndiwo amakayang'anira kuti kasachulukitse maselo amene kalowamo.

Tsono mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, zinthu ziwiri zimachitika: maselo a B amakakamizidwa kugawikana kosalekeza, pamene maselo a T oyang'anira aja amafooka. Selo la B likamagawikana chotero limadula ndi kusintha majini ake opangira maantibodi, ndipo imeneyi ndi ntchito yake ya masiku onse. Ngozi imagwa pamene kudulako kwaphonya. Majini athu adamangidwa m'timitolo totchedwa chromosome, timene tili m'magulu 23 a tiwiritiwiri. Kachidutswa ka mtolo wa nambala 8, konyamula jini yotchedwa MYC imene imalamula selo kuti ligawikane, kamathothoka n'kukalumikizika kwina, kawirikawiri pa mtolo wa nambala 14, pafupi ndi jini ya maantibodi. Poti m'selo la B jini ya maantibodi imagwira ntchito usana ndi usiku, MYC nayonso imayamba kulamula usana ndi usiku. N'chifukwa chake chotupachi chimatha kukula kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri okha.

Ndinene pano, makolo asade nkhawa mopitirira: mwa ana ambirimbiri amene ali ndi kachiromboka ndiponso amadwala malungo, ochepa zedi ndiwo amagwidwa ndi khansayi. Ndiponso kufulumira kwake komweko kumachititsa kuti imve mankhwala msanga. Chotupa chimene chakhotetsa nkhope chimatha kuphwa m'masiku ochepa mankhwala akayambika, ndipo zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zakhala zikuthandiza ana otere kwa zaka zambiri. Mwana wotupa tsaya kapena mimba mofulumira, mano n'kumagwedera popanda chifukwa, asadikire kuti mwezi uthe.

Chimene ndikufuna tione n'chakuti selo la khansali likadali selo la B. Likadali ndi CD19, likadali ndi CD20. Ngakhale kachirombo kamene kali m'kati mwake kamakhala phee, kakupanga puloteni imodzi yokha imene maselo a T amavutika kuiona. Asilikali oyendera akalipeza amaona mnzawo wa gulu lomwelo, n'kudutsa.

Khansa yotsata fungo

Tibwere kwa azakhali a mnyamata uja. Khansa ya m'mawere siyambira mwa msilikali, nanga chipewa cha msilikali ingachitenge kuti? Pafupifupi selo lililonse la m'thupi lili ndi buku lonse la majini, lofanana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kusiyana kwa selo la m'bere ndi selo la T n'kwakuti lililonse limatsegula masamba ake okha, ena onse n'kukhala otseka. Selo likasanduka khansa limayamba kutsegula masamba amene sadali ake. Limodzi mwa masamba amenewa ndi la kayendedwe.

Mwa maselo onse a m'thupi, asilikali ndiwo apaulendo. Selo la m'bere limabadwira m'bere n'kufera momwemo, koma msilikali amatuluka m'mafupa, amalowa m'magazi, amatulukamo, amapita kumene kwachitika ngozi. Amadziwa njira potsata timapuloteni totchedwa chemokine timene ziwalo zimatulutsa, monga galu wosaka amatsatira fungo la kalulu: kumene fungo likukula ndi kumene amalowera. Mphuno yake ndi zolandirira. Cholandirira chotchedwa CXCR4 chimanunkhiza chemokine yotchedwa CXCL12, imene imapezeka yambiri m'mafuta a m'mafupa, m'mapapo, m'chiwindi ndi m'timagulu ta asilikali timene tikatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche timati mwanabere. China chotchedwa CCR7 ndicho chimatsogolera maselo a T kulowa m'malo a mwanaberewa.

Kalekale, mu 1889, dokotala wa ku England dzina lake Stephen Paget adawerenga zolembedwa za amayi 735 amene adamwalira ndi khansa ya m'mawere. Adaona kuti khansayo sinkafalikira mwachisawawa. Inkakonda ziwalo zina monga chiwindi ndi mafupa, n'kumasiya zina. Iye adafanizira zimenezi ndi mbewu imene imamwazika ponseponse koma imangomera pa nthaka yoiyenera. Padapita zaka zoposa 100 popanda woonetsa bwinobwino chimene chimakokera mbewuyo ku nthakayo. Mu 2001 Anja Müller, Albert Zlotnik ndi anzawo ku California adaonetsa kuti maselo a khansa ya m'mawere amanyamula CXCR4 ndi CCR7 zambiri, ndipo kuti ziwalo zimene khansayi imakonda kufalikirako ndi zomwezo zimene zimatulutsa fungo la zolandirira ziwirizi. Atatseka CXCR4 m'mbewa za m'nyumba yofufuzira, kufalikira kwa khansa kupita kumapapo ndi ku mwanabere kudachepa kwambiri. Ofufuza ena adapezanso kuti kuchepa kwa mpweya wa okosijeni m'kati mwa chotupa chothinana ndi chimodzi mwa zimene zimatsegula tsamba la CXCR4. Kunena kwina, khansa ikayamba kubanika pamene ili, imamera mphuno yofunira malo ena.

Anyamata amene mukulemba mayeso, musakalembe kuti fungo lokha ndilo limalamula zonse. Kayendedwe ka magazi nako kali ndi gawo lake. Khansa ya m'matumbo imafika msanga kuchiwindi chifukwa magazi ochokera m'matumbo amadzera kumeneko poyamba, ndipo timadzi ta m'bere timatsikira m'khwapa mwachibadwa. Njira ndi fungo zimathandizana, ndipo n'chifukwa chake dokotala akapeza chotupa m'bere sasiya kufufuzanso m'khwapa.

Pali kankhani kena ka CXCR4 kamene sindingakasiye. Cholandirira chimenechi chidatchuka koyamba osati chifukwa cha khansa koma chifukwa cha Edzi. Mu 1996 gulu la Edward Berger ku America lidapeza kuti HIV sikhutira ndi CD4 yokha polowa m'selo. Imafunanso khomo lachiwiri, ndipo CXCR4 ndi limodzi mwa makomowo. Linzake, CCR5, lidapezeka chaka chomwecho. Mankhwala ena amene ankayesedwa polimbana ndi HIV adapezeka kuti amatseka CXCR4. Pa Edzi sadapite patali, koma madokotala adadabwa kuona kuti olandira mankhwalawo maselo oyera akuchuluka m'magazi mwawo. Chifukwa chake chidali chakuti CXCR4 ndiyo imasunga maselo oyambira, amene amabala magazi onse, kuti akhale m'mafupa. Ikatsekedwa amatayika n'kulowa m'magazi. Mu 2008 mankhwalawa adavomerezedwa ndi dzina lakuti plerixafor, kuti azitulutsa maselo oyambirawa mwa odwala khansa zina za m'magazi, asungidwe, adzabwezedwe m'thupi pambuyo pa mankhwala amphamvu. Adapita kokakumba mbewa, n'kubwerako ndi gwape.

Mawu achinsinsi a pachipata

Gulu lankhondo lopanda wolileretsa ndi loopsa kwa eni mudzi omwe. Choncho thupi lidaika mabuleki pa asilikali ake. Imodzi mwa mabulekiwa ndi cholandirira chotchedwa PD-1, chimene Tasuku Honjo wa ku Kyoto, m'dziko la Japan, adachipeza mu 1992. Chimaonekera pa selo la T limene lakhala likumenya nkhondo. Chala chimene chimadina bulekiyi ndi puloteni ina yotchedwa PD-L1, imene imapezeka pa asilikali ena monga maselo odya aja, komanso pa nsengwa ya mwana wosabadwa, kumene imathandiza kuti asilikali a mayi asalimbane ndi mwanayo. PD-L1 ikakhudza PD-1, selo la T limatsitsa zida.

Khansa zambiri, monga za pakhungu, za m'mapapo ndi za mu impso, zimavala PD-L1, ndipo zimaichulukitsa makamaka pamene maselo a T ayamba kuziukira. Apa ndiye pali mtima wa yankho la mnyamata uja. Nthawi zambiri asilikali amaizindikira ndithu khansa, amafika mpaka m'kati mwa chotupa, koma amauzidwa mawu amene adaphunzitsidwa kuwamvera. James Allison wa ku America adaonetsa mu 1996, pogwiritsa ntchito buleki ina yotchedwa CTLA-4, kuti kuchotsa buleki kumachititsa asilikali a mbewa kuwononga zotupa. Mankhwala otseka CTLA-4 adavomerezedwa mu 2011, otseka PD-1 mu 2014, ndipo Allison ndi Honjo adalandira mphoto ya Nobel mu 2018. Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa dziko la America, adapezeka mu 2015 ndi khansa ya pakhungu imene idafika kuchiwindi ndi ku ubongo. Adalandira mankhwala otseka PD-1 pamodzi ndi chithandizo china, nakhala ndi moyo mpaka mu 2024, pamene adamwalira ali ndi zaka 100. Komatu si onse amene amapindula chotero. Pa mitundu yambiri ya khansa ochepa ndiwo amathandizika, ndipo asilikali omasulidwawo nthawi zina amatembenukira matumbo, mapapo, khungu kapena chithokomiro cha wodwala yemweyo.

Mawu ena achinsinsi ndi CD47, amene tanthauzo lake kwa maselo odya ndi lakuti "usandidye". Amapezeka pa maselo ambiri abwinobwino, kuphatikizapo maselo oyera ndi ofiira a m'magazi. Mu 2009 gulu la Irving Weissman ku Stanford lidaonetsa kuti maselo a khansa ya m'magazi amavala CD47 yambiri kuposa anzawo. Mankhwala otseka CD47 atayesedwa, odwala ankachepa magazi, poti maselo ofiira nawonso ankadyedwa, ndipo kafukufuku wamkulu wa amodzi mwa mankhwalawa adaimitsidwa mu 2023 ndi 2024 ataoneka kuti sakuthandiza.

Chipewa chisanduka chogwirira

Mpaka pano zikuoneka ngati kufanana kumeneku kukupindulira khansa yokha. Koma chipewa chimene chimabisa munthu ndi chomwechonso chimene angagwidwe nacho. Mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein adapeza njira yopangira maantibodi ambirimbiri a mtundu umodzi, olunjika pa puloteni imodzi yokha imene munthu wasankha. Mu 1980 Lee Nadler ndi anzake ku Boston adapeza puloteni imene pambuyo pake idatchedwa CD20. Imakhala pafupi ndi cholandirira chachikulu cha selo la B, siichoka pakhungupo msanga, ndipo khansa zambiri za maselo a B zili nayo. Zinthu ziwirizi zitakumana padabadwa rituximab, antibodi yolunjika pa CD20, imene idavomerezedwa ku America mu 1997.

Mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera m'diripi. Iwo eni sachita zambiri. Amangomatirira pa selo lililonse lovala CD20, ndipo asilikali a wodwalayo akaona selo lomatidwa antibodi amadziwa kuti ndi loyenera kuphedwa. Vuto lake mwaliona kale. Rituximab sadziwa kusiyanitsa selo la B la khansa ndi selo la B labwinobwino. M'masiku ochepa maselo a B onse amatha m'magazi.

Ndiye wodwala amapulumuka bwanji? Ine apa ndi pamene ndimagoma napo. Selo la B silivala CD20 moyo wake wonse. Likadali khanda m'mafupa lilibe, ndipo maselo oyambira amene amalibala alibenso. Likakhwima kotheratu n'kusanduka selo longotulutsa maantibodi, limaivulanso. Choncho mankhwalawa amasesa a pakati okha. Akuluakulu amapitiriza kutulutsa maantibodi a matenda amene thupi lidakumana nawo kale, ndipo m'mafupa mukubadwa atsopano. Zili ngati moto wa lupsa: udzu wapsa, koma mizu ili pansi ndipo mitengo ikuluikulu yaima. Pakapita miyezi 6 mpaka 12 maselo a B amaphukanso.

Mu 2020 zotsatira za kafukufuku wa ana 328 a m'maiko monga a ku Ulaya, North America ndi Australia, ambiri mwa iwo odwala Burkitt lymphoma yofika poipa, zidaonetsa kuti patapita zaka 3, ana pafupifupi 94 mwa 100 alionse amene adalandira rituximab pamodzi ndi mankhwala a masiku onse adali bwino nthenda osabwerera, poyerekeza ndi 82 mwa amene sadalandire. Ndikawerenga manambala amenewa ndimakumbukira kamnyamata ka kwathu kaja. Koma tisawatenge n'kuwaika pa mwana aliyense. Ana amenewo adali m'zipatala zokhala ndi magazi oika m'thupi nthawi iliyonse, mankhwala opha tizirombo ndi chakudya chokwanira, zimene zimalola dokotala kupereka mankhwala amphamvu kwambiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaika rituximab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, komabe mtengo wake ndi wolemera kwa maiko osauka.

Palinso mtengo umene thupi limalipira. Pa miyezi imene maselo a B kulibe, munthu amagwidwa ndi matenda mosavuta ndipo katemera sagwira bwino ntchito, monga zidaonekera pa nthawi ya Covid-19. Choopsa kwambiri n'chakuti kachirombo ka nthenda ya chiwindi ya mtundu wa B, kamene kadagona m'thupi kwa zaka, kamatha kudzuka n'kuwononga chiwindi. Kachirombo kameneka n'kofala kuno ku Africa, choncho kuyeza magazi munthu asadayambe mankhwalawa si nkhani yongokwaniritsa mwambo.

Asilikali ophunzitsidwa mwatsopano

Njira yatsopano kwambiri ndi yotenga maselo a T a wodwala, kuwaikamo jini yopangira cholandirira chimene chilengedwe sichidapange, kuwachulukitsa, n'kuwabwezera m'thupi. Cholandirira chopangachi, chimene amati CAR, chimalunjika pa CD19. Mu 2012, ku Philadelphia, kamtsikana ka zaka 6 kamene khansa yake ya m'magazi idakana mankhwala onse kadali mwana woyamba kulandira maselo otere, opangidwa ndi gulu la Carl June. Nkhondo ya m'thupi mwake idakula mpaka kadatsala pang'ono kufa ndi kutentha thupi ndi kutsika kwa magazi, koma kadachira. Chithandizochi chidavomerezedwa mu 2017, pa mtengo wa madola 475,000 munthu mmodzi.

Kusiyana kwake ndi rituximab n'kwakuti awa ndi maselo amoyo. Satha m'thupi ngati mankhwala. Malinga akadalimo, selo la B lililonse lobadwa limaphedwa, ndipo ena mwa odwalawa amalandira maantibodi otengedwa m'magazi a anthu ena kwa zaka. Madokotala amafika poona kusowa kwa maselo a B ngati umboni wakuti asilikali aja akadali pa ntchito. Nayo khansa siigona: mwa odwala ena imabwerera itavula CD19, asilikali ophunzitsidwawo n'kumaidutsa osaiona.

Nanga khansa ikakhala ya maselo a T eniake? Chipewa chimene khansa yotere imavala kawirikawiri ndi CD7, koma maselo a T abwinobwino ali nachonso. Ukawaphunzitsa kupha aliyense wovala CD7, amaphana okhaokha asadatuluke n'komwe m'botolo. Mu 2022, pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London, gulu la Waseem Qasim lidatenga maselo a T a munthu wina wathanzi n'kusintha zilembo za majini ake pa malo atatu. Adawavula CD7 kuti asaphane, adawachotsa cholandirira chawo chachibadwa kuti asaukire thupi lachilendo limene akulowamo, ndipo adawavula CD52 kuti mankhwala ena amene wodwala ankalandira asawaphe. Kenaka adawaika CAR yolunjika pa CD7 n'kuwapereka kwa mtsikana wa zaka 13 amene njira zina zonse zidamukanika. Patapita masiku 28 khansa sinkaonekanso.

Koma maselo ake a T abwinobwino adapita limodzi ndi khansayo. Munthu angathe kukhala zaka popanda maselo a B ngati akulandira maantibodi a anzake. Popanda maselo a T sangathe, ndipo amene tidaona Edzi ma ARV asadafike tikudziwa chimene chimachitika CD4 ikatha. Choncho mtsikanayo adayenera kuikidwanso maselo oyambira a m'mafupa ochokera kwa munthu wina, kuti gulu lonse la asilikali libadwe mwatsopano.